Mmene AI Imawerengera Zilembo za DNA Zosapanga Mapuloteni pa Matenda a Ubongo

Makina oyeza DNA yonse ya munthu akamaliza ntchito, amatulutsa zilembo zoposa 3 biliyoni, zonse za mitundu inayi: A, C, G ndi T. Mukaziika pambali pa DNA imene asayansi anagwirizana kuti ikhale muyezo, mupeza malo pakati pa 4 ndi 5 miliyoni pamene munthuyo wasiyana ndi muyezowo. Pafupifupi malo onsewa alibe vuto. Koma ngati woyezedwayo ndi mwana amene khunyu lake silikumva mankhwala, kapena amene wafika zaka zitatu asanayambe kukhala ndi kulankhula, dokotala ndi makolo amafuna kudziwa chilembo chimodzi chimene chasokoneza zinthu.

Chilembocho chikakhala m'gawo lopanga puloteni, ntchito imapepuka. Kuyambira zaka za m'ma 1960 tikudziwa kuti zilembo zitatu zilizonse zimaimira kachidutswa kamodzi ka puloteni, choncho munthu akhoza kuwerenga n'kunena kuti apa puloteni yadukira panjira. Vuto ndi loti gawo limeneli silifika ngakhale 2 peresenti ya DNA yonse. Mwana aliyense amabadwa ndi zilembo zosinthika zatsopano pafupifupi 60 kapena 70 zimene mayi ndi bambo ake alibe, ndipo chimodzi kapena ziwiri zokha ndi zimene zimagwera m'gawo lopanga mapuloteni. Zotsalazo zimagwera kumene kulibe lamulo lodziwika lomasulirira. Ku matenda ofala monga schizophrenia (matenda a maganizo) ndi Alzheimer (matenda oiwalitsa, makamaka mwa okalamba) nakonso n'chimodzimodzi: pafupifupi 90 peresenti ya malo amene kafukufuku wa anthu ochuluka wawagwirizanitsa ndi matenda ali kunja kwa gawo lopanga mapuloteni.

Mapulogalamu a AI, a pa kompyuta amene amaphunzira kuchokera pa zitsanzo, alowa pamenepa, ndipo zimene akutha kuchita n'zazikulu ndithu. Koma yankho lawo anthu ambiri amalimva molakwika. Pulogalamu yotere imanena kuti chilembo ichi chikasintha, chinthu chakutichakuti m'selo la mtundu wakutiwakuti chikhoza kukwera kapena kutsika. Za matenda siinena kanthu. Kuchoka pa yankho limeneli kufika ponena kuti chilembochi n'chimene chikudwalitsa mwanayu pali ntchito yambiri, ndipo yambiri ya ntchitoyo sichitikira pa kompyuta.

Zimene zili m'gawo lalikululi

Selo la chiwindi ndi selo la mu ubongo ali ndi majini ofanana (jini ndi chigawo cha DNA chokhala ndi malangizo opangira chinthu m'selo), pafupifupi 20,000 opanga mapuloteni. Chimene chimawasiyanitsa ndi majini amene atsegulidwa, nthawi imene atsegulidwa, ndi kuchuluka kwa zimene akutulutsa. Malangizo a zimenezi ali m'gawo losapanga mapuloteni.

Pafupi ndi poyambira jini iliyonse pali kachigawo kotchedwa promoter, pamene makina a selo amafikira kuti ayambe kukopera jiniyo kukhala RNA, kope limene selo limawerenga popanga puloteni. Ndiye pali ma enhancer, tizigawo ta zilembo mazana angapo timene timagwira ntchito ngati maswichi owonjezera kapena kuchepetsa mphamvu. Pa enhancer pamakhala timawu tatifupi, ta zilembo 6 mpaka 12, timene mapuloteni olamulira majini amatizindikira n'kumatirira. Chilembo chimodzi chikasintha m'kamawu kotere, puloteniyo ikhoza kulephera kumatirira, kapena ina imene siinkafikapo ikhoza kuyamba kufikapo. Enhancer ikhoza kukhala kutali ndi jini yake ndi zilembo masauzande mazana angapo, chifukwa DNA imapindika mkati mwa selo n'kugunditsa malo awiri otalikirana. Nthawi zina imadumpha jini yoyandikana nayo n'kukalamulira yakutali. Mu 2020, gulu la ENCODE linalemba tizigawo 926,535 ta DNA ya munthu timene tikuoneka kuti timagwira ntchito yolamulira yotere.

Mkati mwa jini momwemo mulinso zigawo zosapanga puloteni, zotchedwa ma intron, zimene selo limadula n'kutaya polumikiza zigawo zofunika, ma exon. Kudula ndi kulumikizaku kumatchedwa splicing, ndipo kumatsatira zizindikiro zolembedwa m'ma intron momwemo. Palinso malekezero awiri a RNA amene satembenuzidwa kukhala puloteni koma amalamulira kuchuluka kwa puloteni imene ipangidwe. Mu 2021, ofufuza anasonyeza kuti zilembo zosinthika kumayambiriro kotere kwa jini ya MEF2C zimabweretsa matenda aakulu olepheretsa ubongo wa mwana kukula, ngakhale gawo lopanga puloteni lili bwinobwino.

Ubongo umavutitsa nkhaniyi kuposa chiwalo china chilichonse. Kafukufuku amene anatuluka mu 2023 anagawa maselo a ubongo wa munthu m'timagulu toposa 3,000, ndipo enhancer yotseguka m'gulu limodzi imakhala yotsekeka m'magulu ena ambiri. Komanso ma enhancer ambiri ofunika pa autism ndi schizophrenia amagwira ntchito mwana akadali m'mimba, kenako n'kutsekeka. Ndipo ubongo wa munthu wamoyo sungaudule kachidutswa kuti ungoyeza, monga mmene amachitira ndi khungu kapena magazi.

Mmene pulogalamu imaphunzirira

Zophunzitsira zimachokera ku labotale. Njira ya ATAC-seq kapena DNase-seq imasonyeza pamene DNA yamasuka kuti mapuloteni afikepo. Njira ya ChIP-seq imasonyeza pamene puloteni inayake yamatirira, kapena pamene pali chizindikiro chonga H3K27ac, chimene chimapezeka pa ma enhancer amene akugwira ntchito. RNA-seq ndi CAGE zimayeza kuchuluka kwa RNA imene jini ikutulutsa. Kuyeza kulikonse, pa mtundu umodzi wa maselo, kumapereka mzere wa manambala woyenda m'litali mwa DNA yonse, wokwera pamene pali zochitika, wotsika pamene palibe.

Chilembo chilichonse chimasandutsidwa manambala anayi: A amakhala 1,0,0,0, C amakhala 0,1,0,0, n'kumapita choncho. Pulogalamu imapatsidwa chidutswa cha DNA n'kuuzidwa kuti ilosere mizere ija pa chidutswacho. Poyamba imangolota. Yankho lake limayerekezedwa ndi zimene labotale inapeza, manambala mamiliyoni a mkati mwake amasinthidwa pang'ono kuti kulakwitsa kuchepe, ndipo zimenezi zimabwerezedwa pa zidutswa zambirimbiri. Magawo oyamba a pulogalamuyo amafika pozindikira timawu tatifupi tija popanda wina kuwauza. Magawo apamwamba amaphunzira mmene timawuto timagwirizanirana: kayandikane kake, dongosolo lake, ndi mphamvu ya tina tili kutali. Makromozomu (zingwe zitalizitali zimene DNA inagawikamo) ena athunthu amabisidwa pa nthawi yophunzitsa kuti adzagwiritsidwe ntchito poyesa. Mukangobisa tizidutswa mwachisawawa, pulogalamu imaoneka yanzeru kuposa mmene ilili, chifukwa DNA ili ndi zigawo zambiri zofanana, ndipo imangokumbukira zimene inaona kwina.

Pali mfundo imodzi pano imene mavuto ambiri a patsogolo amachokera. Mapulogalamu ambiriwa amaphunzira pa DNA imodzi yokha, ya muyezo ija. Amadziwa kusiyana kwa malo ndi malo m'DNA imodziyo. Kusiyana kwa munthu ndi munthu sanakuonepo, ndipo wodwala sanamuonepo.

Poyeza chilembo chosinthika, pulogalamu imayendetsedwa kawiri: koyamba ndi chilembo cha muyezo, kachiwiri ndi chilembo cha wodwala, zina zonse zili chimodzimodzi. Kusiyana kwa mayankho awiriwa ndiwo malikisi a chilembocho. Akatswiri osamala amayendetsanso chidutswacho chotembenuzidwa, monga chimawerengekera pa chingwe chachiwiri cha DNA, ndiponso chosunthidwa ndi chilembo chimodzi kapena zingapo, kenako n'kutenga pakati. Malikisi akasintha kwambiri chifukwa chongosuntha chidutswacho, musawakhulupirire. Kuti mudziwe chifukwa chimene pulogalamu yaperekera malikisi okwera, mumasintha chilembo chilichonse cha m'deralo kukhala zitatu zinazo, chimodzichimodzi. Pa enhancer ya zilembo 500 ndiye kuti muyendetsa pulogalamu ka 1,500. Zilembo zofunika zikaunjikana pamodzi n'kupanga kamawu kodziwika, monga kamene puloteni ya MEF2 imamatirira, muli ndi chinthu chomveka choti mukayese. Zikamwazikana popanda dongosolo, malikisiwo alibe pogwira.

Pulogalamu ya DeepSEA, imene Jian Zhou ndi Olga Troyanskaya anatulutsa mu 2015 ku Princeton, inkaona zilembo 1,000 nthawi imodzi n'kulosera mizere 919. Enformer, ya DeepMind ndi Calico mu 2021, imaona zilembo 196,608 n'kulosera mizere 5,313 ya munthu. Borzoi imaona zoposa 500,000 ndipo imalosera RNA mwachindunji. AlphaGenome, imene DeepMind inalengeza mu 2025, imaona zilembo pafupifupi 1 miliyoni ndipo mayankho ake ambiri imawapereka pa chilembo chimodzichimodzi. Mbali ina kuli mapulogalamu ang'onoang'ono monga ChromBPNet, ochokera ku labotale ya Anshul Kundaje ku Stanford, amene amaphunzitsidwa pa mtundu umodzi wa maselo. Pa nkhani za ubongo, pulogalamu yaing'ono yophunzitsidwa pa maselo oyenera nthawi zambiri imathandiza kuposa yaikulu imene maselowo sinawaonepo.

Kumene AI ikuthandiza kale odwala

Phindu looneka bwino kwambiri lili pa splicing. SpliceAI, imene kampani ya Illumina inatulutsa mu 2019, imawerenga zilembo 10,000 kuzungulira malo, 5,000 mbali iliyonse, n'kupereka manambala anayi a pakati pa 0 ndi 1: mpata woti podulira koyambira exon patayika kapena pabuka patsopano, ndi mpata woti podulira kothera exon patayika kapena pabuka patsopano. Malangizo a 2023 a ClinGen, gulu la akatswiri omasulira zilembo zosinthika, amati malikisi a 0.2 kapena kuposa aziwerengedwa ngati umboni wothandizira kuti chilembocho chimasokoneza splicing, ndipo 0.1 kapena kutsika ngati umboni woti sichisokoneza. Zapakati pamenepo sizinena kanthu. Chimene chimaiwalika kawirikawiri ndi choti pulogalamuyi, mukapanda kuisintha, imangonena za malo odulira amene ali m'kati mwa zilembo 50 kuchokera pa chilembo chosinthikacho. Chilembo cha mkatikati mwa intron chikhoza kudzutsa exon yabodza imene malekezero ake ena ali kutali kuposa pamenepo, choncho pa zilembo zotere mpata umenewu uyenera kukulitsidwa kufika mazana angapo.

Chitsanzo cha matenda a Dravet chikuonetsa chifukwa chake izi zili zofunika. Awa ndi matenda a khunyu loopsa loyamba mwana asanakwanitse chaka, ndipo kwa ana ambiri amabwera chifukwa imodzi mwa makope awiri a jini ya SCN1A sakugwira ntchito. Ana ena anali ndi zizindikiro zonse koma gawo lopanga puloteni linali labwino. Mu 2018 kunapezeka kuti ena mwa iwo anali ndi zilembo zosinthika m'intron 20, pamene pali kachidutswa ka zilembo 64 kotchedwa exon 20N. Kachidutswaka kakalowa m'RNA, kamabweretsa chizindikiro choti kuwerenga kuthere panjira, ndipo selo limawononga RNA yonseyo. Zilembo zosinthikazo zinkachititsa kuti kazilowa mobwerezabwereza. Kudziwa zimenezi kunatsegulanso njira ya mankhwala: zorevunersen, amene akuyesedwa pa ana odwala Dravet, amaletsa kachidutswa komweka kulowa kuti kope labwino la jiniyo litulutse puloteni yambiri.

Komabe SpliceAI siisiyanitsa ziwalo. Imapereka yankho limodzi la thupi lonse, pamene manyuroni, maselo otumiza mauthenga mu ubongo, ali ndi kadulidwe kawokawo, kuphatikizapo tima exon ting'onoting'ono ta zilembo 3 mpaka 27 timene kafukufuku wa 2014 anapeza kuti timasokonekera mu ubongo wa anthu ena a autism. Malikisi otsika pa jini ya mu ubongo asakutsekereni mlandu msanga.

Ndondomeko pa mwana mmodzi

AI iyenera kubwera mochedwa m'ndondomekoyi, ndipo chifukwa chake ndi masamu wamba. Tiyerekeze kuti pulogalamu imaloza molakwika chilembo chimodzi mwa 1,000 zilizonse zopanda vuto. Mukaipatsa zilembo 4 miliyoni, ikubwezerani 4,000 zabodza, ndipo chenichenicho, ngati chilipo, chisowa m'menemo. Kafukufuku wa ku Britain wotchedwa Deciphering Developmental Disorders anayerekeza mu 2018 kuti ngakhale m'tizigawo tosungika kwambiri timene timagwira ntchito mu ubongo wa mwana wosabadwa, 0.15 peresenti yokha ya zosintha zonse zotheka ndi imene imabweretsa matenda yokha. Anayerekezanso kuti mwa ana amene yankho lawo silinapezeke m'gawo lopanga mapuloteni, pakati pa 1 ndi 3 peresenti ndi amene vuto lawo lili m'tizigawo totere.

Choncho mumayamba n'kuchepetsa. Yezani mwana pamodzi ndi mayi ndi bambo, chilembo chilichonse chiwerengedwe pafupifupi ka 30, kuti zatsopano zija zidziwike. Chilichonse chokayikitsa muchione ndi maso pa zowerengedwazo: chilembo chatsopano chenicheni chimaoneka pa theka la zowerengedwa za mwana ndipo sichioneka n'komwe kwa makolo. M'zigawo zobwerezabwereza makina amanama kwambiri. Tsimikizani kuti manambala a malo ali pa muyezo umodzi. Fayilo ya muyezo wakale wa GRCh37 ikaperekedwa kwa pulogalamu yoyembekezera muyezo watsopano wa GRCh38, nthawi zina mayankho amatuluka ndithu, koma a malo ena, ndipo njira yachidule yogwirira vutoli ndi kuona ngati chilembo cha muyezo cholembedwa m'fayilo chikufanana ndi chimene chilidi pamalopo. Kenako chotsani zimene zimapezeka mwa anthu ambiri m'nkhokwe ya gnomAD, imene gawo lake la DNA yathunthu lili ndi anthu oposa 76,000. Sungani zimene zili pafupi ndi majini ogwirizana ndi zizindikiro za mwanayo, m'malo omasuka mu ubongo umene ukukula, ndipo onani ngati chilembocho chasungika m'nyama zina. Ntchito ya Zoonomia inayerekeza DNA ya nyama zoyamwitsa pafupifupi 240. Zikatsala zochepa, ndiye yendetsani mapulogalamu, awiri kapena atatu opangidwa mosiyana.

Posankha mizere yoti muone, sankhani musanaone mayankho. Pulogalamu yolosera mizere 5,000 idzakupatsani mzere wina wosonyeza kusintha kwakukulu pa chilembo chilichonse mukafufuza mokwanira, ndipo mzere wa maselo a khansa ya m'magazi sukuuzani kanthu za nyuroni.

Chotsatira ndi RNA ya wodwalayo. Majini ambiri a mu ubongo satseguka m'magazi; maselo a khungu amatsegula ochulukirapo, ndipo akakanika, maselowo akhoza kubwezedwa kukhala maselo oyambira n'kusandutsidwa manyuroni, ntchito yotenga miyezi. Popeza selo limawononga RNA yolakwika, ofufuza amathira mankhwala monga cycloheximide kwa maola angapo asanayeze. Mukapanda kutero mudzangopeza RNA yabwino n'kuganiza kuti pulogalamu inanama.

Matenda ofala: chilembo chimodzi pakati pa anzake

Pa schizophrenia, Alzheimer ndi Parkinson funso limasintha. Gulu la ofufuza la Psychiatric Genomics Consortium linapeza malo 108 ogwirizana ndi schizophrenia mu 2014, ndipo mu 2022, litayeza odwala oposa 76,000, linafika pa malo 287. Pa Alzheimer, kafukufuku wa 2022 anafika pa malo 75. Koma malo alionse otere si chilembo chimodzi. Zilembo zoyandikana zimatengeredwa pamodzi kuchokera kwa makolo, kotero makumi kapena mazana a zilembo amaoneka ngati onse ali ndi mlandu. Njira za masamu monga SuSiE ndi FINEMAP zimachepetsa gululi, koma zilembo ziwiri zikamayendera limodzi mwa anthu onse oyezedwa, masamu satha kuzilekanitsa. AI imathandiza pano chifukwa siiona za kuyendera limodziko. Imangoona zilembo zozungulira, n'kunena kuti mwa khumi izi, ichi chokha n'chimene chili pa kamawu kofunika.

Pafupi ndi jini ya BIN1 pali amodzi mwa malo amphamvu kwambiri pa Alzheimer. Mu 2019, ofufuza atalekanitsa maselo a ubongo m'mitundu yake anapeza kuti zilembo zambiri za Alzheimer zili m'ma enhancer a microglia, maselo oteteza ndi kuyeretsa ubongo. Atachotsa enhancer ya BIN1, jiniyo inazima m'ma microglia koma inapitiriza kugwira ntchito m'manyuroni. Chaka chotsatira, pulogalamu yophunzitsidwa pa maselo amenewa inaloza chilembo chotchedwa rs6733839 kuti chimapanga pomatirira puloteni ya MEF2. Ma microglia ndi ochepa poyerekeza ndi maselo ena a ubongo, choncho mukagaya chidutswa cha ubongo chonse pamodzi n'kuphunzitsira pulogalamu, chizindikiro chawo chimamira.

Pa Parkinson, chilembo cha rs356168 chili m'enhancer ya mkati mwa jini ya SNCA. Mu 2016 ofufuza anapanga maselo ofanana m'zonse kupatula chilembochi, ndipo anaona kuti chimakweza RNA ya jiniyo pang'ono chabe. Kusintha kochepa chonchi, kopitirira zaka makumi ambiri, n'kumene kumakweza chiopsezo, ndipo n'kumenenso mapulogalamu amavutika kukusiyanitsa ndi phokoso. Chitsanzo china n'cha GBA1. Mu 2023, kafukufuku wa odwala a ku Nigeria ndi anthu a ku America a makolo ochokera ku Africa anapeza chilembo cha rs3115534 m'intron 8 ya jiniyi, chofala ku West Africa koma chosowa kwambiri mwa anthu a ku Ulaya. Pambuyo pake kunaoneka kuti chimasokoneza chizindikiro chofunika pa splicing. Chinakhala chosadziwika nthawi yonseyi chifukwa oposa 80 peresenti ya anthu oyezedwa m'kafukufuku wotere ndi a makolo ochokera ku Ulaya. Palibe pulogalamu imene ikanachiloza popanda anthu amenewa kuyezedwa kaye. Ndipo DNA ya anthu a ku Africa, popeza zilembo zake zimayendera limodzi pa mtunda waufupi, imathandizanso kulekanitsa chilembo chenicheni ndi anzake.

Zilembo zofalazi chilichonse chimakweza chiopsezo pang'ono kwambiri. Zimathandiza kudziwa jini ndi selo zoti opanga mankhwala aziyang'ana. Kuuza munthu mmodzi kuti adzadwala chifukwa cha chimodzi cha izo n'kulakwa.

Pamene mapulogalamu amagwa

Mu 2023 magulu awiri anayesa mapulogalamuwa pa funso limene sanaphunzitsidwe. Gulu limodzi linatenga DNA ya anthu 839 pamodzi ndi RNA yoyezedwa mu ubongo wawo atamwalira, n'kufunsa Enformer kuti mwa anthu amenewa, jini iyi ikutulutsa zambiri mwa yani. Pa majini ambiri inalephera, ndipo pa ena inazindikira chilembo chofunika koma n'kutembenuza yankho, kunena kuti chimakweza pamene chimatsitsa. Pa matenda a ubongo kulakwitsa kumeneku n'kwakukulu, chifukwa majini ena amadwalitsa akachepa ndiponso akachuluka, koma matenda ake n'ngosiyana: MECP2 ikachepa imabweretsa matenda a Rett, ikawirikiza imabweretsa matenda ena. Chaka chomwecho kafukufuku wina anasonyeza kuti ngakhale pulogalamu ikuona zilembo masauzande ambiri, yankho lake limadalira kwambiri promoter ndi zapafupi, ndipo ma enhancer akutali imawapatsa mphamvu yochepa kuposa imene ali nayo. Chifukwa chake n'chomveka: enhancer ikamatalikira, mpata woti ikulamuliradi jiniyo umachepa, ndiye pophunzira pulogalamu imapeza kuti kunyalanyaza zakutali kumachepetsa kulakwitsa kwake. Mapulogalamu atsopano achitako bwino pa zimenezi, koma opanga AlphaGenome eniake anavomereza kuti zotalikira kuposa zilembo 100,000 zikadali zovuta. Choncho funso loti enhancer iyi ndi ya jini iti liziyankhidwa ndi umboni wina, monga kuyeza mapindidwe a DNA ndi Hi-C, kapena kuzimitsa enhanceryo ndi CRISPR, chida cholunjika pamalo osankhidwa a DNA, n'kuona jini imene yatsika.

Pali zinanso zimene sizilowa bwino m'njira yoyerekeza chilembo ndi chilembo. M'intron yoyamba ya C9orf72, kamawu ka GGGGCC kamene mwa anthu ambiri kamabwerezedwa kosafika 30 kamafika mazana kapena masauzande mwa odwala ena a ALS (matenda ofooketsa minofu) ndi frontotemporal dementia (matenda owononga mbali ya kutsogolo kwa ubongo). Izi zinapezeka mu 2011. Matenda a fragile X amabwera pamene CGG yabwerezedwa koposa 200 kumayambiriro kwa jini ya FMR1. Malo a DNA amphamvu kwambiri pa schizophrenia anagwirizanitsidwa mu 2016 ndi kuchuluka kwa makope a jini ya C4. Makina owerenga tizidutswa ta zilembo 150 nthawi zambiri saona n'komwe kutalika kwa zobwerezabwerezazi, ndipo chimene sichinalowe m'fayilo AI singachiyeze.

Nkhani ya autism ikuonetsa malire ena. Mu 2019, Zhou ndi anzake anayeza mabanja 1,790 a m'nkhokwe ya kafukufuku wa autism yotchedwa Simons Simplex Collection ndipo anapeza kuti zilembo zatsopano za ana a autism zinali ndi malikisi okwererapo kuposa za abale awo osadwala. Ichi chinali chinthu chofunika, koma kusiyanako n'kwa gulu ndi gulu, ndipo n'kochepa. Sikutanthauza kuti mungatenge mwana mmodzi n'kuloza chilembo chake.

Ngakhale labotale ili ndi malire ake. Njira ya MPRA imaika tizidutswa masauzande ta DNA kutsogolo kwa jini yoyesera, kalikonse ndi chizindikiro chake, n'kuyeza mphamvu yake m'maselo. Mu 2023 zilembo 5,173 za schizophrenia zinayesedwa chonchi m'maselo oyambira a ubongo wa munthu, ndipo 439 zinasonyeza kusiyana. Koma kachidutswa ka zilembo 150 kapena 200 kochotsedwa pamalo pake sikakhala monga kamakhalira kwawo. MPRA ndi pulogalamu zikasemphana, musathamangire kunena kuti yalakwa ndi iti. Chimene chimathetsa mkangano ndi kusintha chilembocho pamalo pake penipeni, m'selo la mtundu woyenera.

Chimodzi mwa zinthu zazikulu zimene zapezeka posachedwapa m'gawoli chinapezeka mwa kungowerenga anthu. Mu 2024 magulu awiri, la Nicola Whiffin ku Oxford ndi la Ernest Turro ku Mount Sinai ku New York, pogwiritsa ntchito DNA yosungidwa ndi Genomics England, anaona kuti ana ambiri osadziwika matenda awo anali ndi zosintha zatsopano m'kadera ka zilembo 18 ka RNU4-2, jini ya zilembo 141 zokha imene imapanga RNA yothandiza pa splicing. Matendawa tsopano amatchedwa ReNU, ndipo akuyerekezedwa kuti ndi amene ali kumbuyo kwa pafupifupi 0.4 peresenti ya matenda olepheretsa ubongo wa ana kukula. Ana amenewa DNA yawo inali itayezedwa kale zaka zingapo m'mbuyomo. Panalibe amene ankayang'ana pamenepo.

Zolemba pa lipoti

Malamulo a 2015 a ACMG, bungwe la akatswiri a za majini ku America, ndi malangizo owonjezera a 2022 okhudza gawo losapanga mapuloteni, amawerengera kulosera kwa kompyuta ngati umboni wothandizira chabe. Mapulogalamu atatu akagwirizana umboniwo suwirikiza katatu, chifukwa ambiri anaphunzira pa zoyeza zomwezo za magulu ofufuza a ENCODE ndi Roadmap, ndipo amalakwitsa mofanana. Chilembo chokhala ndi malikisi okwera koma chopanda umboni wa RNA, wa labotale, kapena wa odwala ena ofanana, chimalembedwa kuti tanthauzo lake silikudziwika, ndipo sichiyenera kugwiritsidwa ntchito posankha mankhwala kapena poyeza mimba yotsatira. Makolo amene akhala zaka akufuna yankho amamva mawu oti "kompyuta yapeza" ngati chigamulo, ndiye wowafotokozera ayenera kunena momveka kuti chapezekacho n'choti chikayesedwe.

Pa lipotilo palembedwe dzina la pulogalamu ndi mtundu wake, muyezo wa DNA umene wagwiritsidwa ntchito, mzere wa maselo umene waonedwa, mpata umene unaikidwa, ndi malikisi enieniwo m'manambala. Fayilo ya mwanayo isungidwe, mwachilolezo cha makolo, kuti idzaonedwenso pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo chilembocho pamodzi ndi zizindikiro za mwanayo chitumizidwe ku nkhokwe zogawana monga ClinVar, DECIPHER kapena GeneMatcher, kumene dokotala wina amene ali ndi mwana wa chilembo chomwecho angachipeze.